Anakapempha kwa Mwamuna Wake

Madzi anali atabwera pampopi, ndiye Karen sanafune kumva za munthu. Anabereka Musa kumbuyo, natulutsa mabeseni onse pabwalo, nayamba ndi ndowa ya matewera imene fungo lake linali litayamba kale kupereka moni kwa aneba. Apongozi ake, amene anachokera ku Katete kudzathandiza za mwana, anali pakhonde akusankha nyemba. Thandizo lawo tsiku limenelo linali la pakamwa: sopo wachuluka, mwana wapendekeka, dzuwa limuwotcha paliwombo.

Geti ya malata inalira. Analowa Mwaba, mtsikana wa ku Kitwe amene Karen ankagwira naye ntchito, atakumbatira chikwama cha laputopu ngati pali wina akufuna kumulanda.

"Mwauka bwanji ba Karen? Mwauka bwanji mayo?"

"Tauka. Usaponde m'madzi. Ngati wabwela kuona mwana ni uyu pambuyo, muonele pamenepo. Ine manja yali bize."

Mwaba sanamuyang'ane n'komwe mwanayo. Anaima phazi lina litaponda linzake.

"Ba Lemmy banituma. Ati mutipaseko pasiwedi ya seva."

Anthu atatuwa, Karen, Mwaba ndi Lemmy, mng'ono wa mwamuna wa Karen, ankamanga apu ya pa intaneti ya bungwe la akalipentala ndi owotcherera a ku Kalingalinga. Anaiyamba Karen yekha asanakhale ndi pakati, kali katsamba koonetsa zithunzi za mabedi ndi mageti. Kenako kanakula monga zimakulira zinthu zopanda wozikaniza: poodera, poti mmisiri aone maoda ake, pa oyendetsa timalole ta makanta tonyamula katundu, pa mauthenga, pa madandaulo. Amisiri ochepa anali atayamba kale kuigwiritsa ntchito, ndipo Loweruka likubweralo a Chisenga, wapampando wa bungwe, ankayenera kuitsegulira mamembala onse pamsonkhano. Seva yoyeserera aliyense mwa atatuwa ankalowamo mmene wafunira. Koma seva yeniyeni, imene anthu amafikako akatsegula foni, inali m'dzina la Karen, ndipo pasiwedi yake inali m'mutu mwake mokha.

"Pasiwedi ya chani?" Karen anafunsa akufinya thewera. "Ngati pali vakukonza nitumileni, nizaikapo neka."

"Bafuna kuika yanyowani."

"Yanyowani chani?"

"Yonse, ba Karen." Mawu a Mwaba anachepa. "Banailemba futi. Kuyambila pa fulonti mpaka kulasti. Banachinja fulemuweki."

Thewera linagwera m'beseni, madzi a sopo n'kumuthira Mwaba m'nsapato.

Amene sanamangepo apu sangamve kulemera kwa mawu amenewo. Womanga apu yaikulu sayamba ndi manja okha. Amasankha kaye fulemuweki, mafupa amene anthu ena anakonza kale, n'kumapachikapo zake. Tsamba lililonse, batani lililonse, zimalembedwa motsata malamulo a mafupawo. Ukasintha mafupa palibe chotsala. Karen anasankha Vue pachiyambi pomwe, ndipo sanasankhe mwamaloto. Anaona kuti anthu oidziwa ndi ambiri, kuti ukakakamira penapake n'kufunsa pa intaneti umapeza ena anakakamirapo kale pomwepo, kuti ngakhale ana ochokera ku makoleji a mu Lusaka anaikhudzapo. Zaka ziwiri za moyo wake zinali zitapachikidwa pa mafupa amenewo.

"Banachinjila ku chani?"

"Pelto."

"Ni chani icho? Ni mankhwala ya makoswe?"

"Ni yanyowani. Ili na spidi maningi. Banaipanga ba munyamata bena ba ku vyalo va kunja."

"Munyamata umozi?"

Mwaba anayang'ana nsapato zake zonyowa.

"Nanga ine ninali ninafa? Foni yanga simuiziba?"

Apa ndi pamene apongozi anaika lichero pansi, mwaulemu, ngati munthu amene wadikira nthawi yake yolankhula pabwalo la milandu.

"Amake Musa, musamukalipire mwana wa eni. Lemmy anabwera kuno. Anabwera ndi chikompyuta chakecho inu muli m'chikuta, mchombo wa mwana usanagwe. Ndinamubweza pageti pomwepo. Munthu wachira dzulodzuloli n'kumamubweretsera ntchito? Anabweranso, ndinamubwezanso. Ndinamuuza kuti ngati ili nkhani yaikulu akaonane ndi mkulu wake, mwini nyumba. Ndipo anapita, anakapempha bwinobwino. Mwana uja ali ndi mwambo."

"Anakapempha kwa a Ufulu?"

"Nanga kwa yani? Si amuna anu?"

Karen anatsuka manja m'madzi oyera, nawapukutira pachitenje. Anakumbuka masabata aja foni yake ili m'chikwama cha apongozi, akuti kuwala kwake kumaumitsa mkaka. Anavomera panthawiyo chifukwa analibe mphamvu yokangana. Anamangitsa mfundo ya nsalu ya mwana, navala mapatapata.

"Tiye," anamuuza Mwaba.

"Ndi mwana padzuwa ili?" apongozi anafuula. Geti inawayankha.

Ufulu ankawotcherera m'mbali mwa msewu wa tara, pakati pa mzere wa mabedi ndi mzere wa mageti oimikidwa kuti odutsa pagalimoto aone. Anamuona mkazi wake akubwera, naona kayendedwe kake, nazimitsa makina yekha asanauzidwe. Anakweza chigoba cha kumaso n'kumwetulira kumwetulira kwa munthu amene sakudziwa kuti walakwa chiti mwa zambiri.

"Amake Musa! Mwabwela kuniona?"

"Munavomeleza Lemmy kuti agumule nchito yanga?"

"Kugumula? Awe. Anakamba ati afuna kuikonzako pang'ono, ikhale ya manje manje. Nati iwe, mulamu wako ni odwala, chita vamene uona ni vabwino."

"Fulemuweki ni chani, atate a Musa?"

Ufulu anayang'ana anzake owotcherera, amene onse mwadzidzidzi anapeza zochita pansi.

"Niyankheni. Munavomeleza. Ni chani chamene munavomeleza?"

"Si va kompyuta? Ine nenze kuona monga ni vimozimozi."

"Mailo nizabwela pano imwe kulibe. Azabwela kasitoma wa geti iyi, nizamuuza ati amuna banga bachinja maganizo, bazakupangilani ya nsungwi. Nizavomeleza. Si ndine mukazi wanu?"

Mmodzi wa anzake aja anaseka n'kusandutsa kusekako chifuwa.

"Manje apa ni pa nchito, amake Musa. Tizakamba kunyumba."

"Ehe. Panu ni pa nchito. Panga ni pamene aliyense angapite na kuvomeleza."

Anamusiya chigoba chili pamutu. Mwaba ankathamanga pang'ono kuti amupeze. Anadutsa m'tinjira ta pakati pa mipanda, kulumpha ngalande, kupatukira mawilibala a makala, mpaka ku Mtendere kumene Lemmy ankachita lendi chipinda kuseri kwa shopu ya mafoni. Musa anagona njira yonse, mutu ukugunda pamsana wa mayi ake.

Lemmy anali atakhala pabedi, laputopu pamiyendo. Ataona amene walowa anaimirira msanga, nachotsa zovala pampando umodzi womwe unalipo.

"Ba mulamu! Mukanakamba nikanabwela neka. Khalani. Ka Musa kakula, ka bosi!"

"Nionetse."

"Mumweko madzi poyamba."

"Lemmy. Nionetse."

Anamuonetsa. Ndipo chimene chinamupweteka Karen koposa n'chakuti chinthucho chinali chokongola. Masamba ankatseguka ngati akudziwa kale chimene ukufuna. Zithunzi za mabedi zinkatsetsereka mosalala chala chikangokhudza. Lemmy anatenga foni yotchipa ya Mwaba, natsegulirapo, ndipo napo inathamanga chimodzimodzi. Karen anafunafuna poti pakakamire kuti apeze poyambira, koma sipanapezeke. Mnyamatayo ntchito ankaidziwa. Nkhope yake inkawala ngati ya mwana amene wabwera ndi lipoti labwino.

"Mwaona? Yanu ija yenze kutenga nthawi. Iyi ni mphepo."

"Segula khodi."

Karen anakokera laputopu kwa iye, nayamba kutsika m'mafayilo a khodi, malamulo olembedwa amene amayendetsa apu. Zilembo zinali zodziwika, koma kaikidwe kake kanali kachilendo, ngati kulowa m'khitchini mwako n'kupeza wina wasamutsa chilichonse. Anaima pa gawo lotumizira zithunzi.

"Ichi chinachoka kuti?"

"Ninalemba neka. Pelto ikalibe laibulale ya vithunzi, kulibe vopangika kudala vamene ungatenge chabe."

"Kalenda yosankhila siku ya delivale?"

"Neka."

"Mapu ya ba makanta?"

"Neka futi." Anayankha monyada, osamva kumene mafunsowo akulowera.

"So vonse vamene banthu masauzande banayesa kale ku Vue, kuno wavilemba weka, mu ka lumu aka, palibe wina anaviona."

"Visebenza."

"Lelo." Karen anatembenukira kwa Mwaba, amene anali atatsamira chitseko ngati akufuna kulowa m'thabwa. "Iwe, ungakonze batani imozi muno ikafa?"

Mwaba anayang'ana Lemmy, kenako denga.

"Kamba zoona, sinizakumenya."

"Ninayesa, ba Karen. Inanipasa ela ina yake, meseji yakuti chalakwika. Ninaisakila pa intaneti, ninapeza chabe munthu umozi anafunsapo."

"Anamuyankha bwanji?"

"Sibanamuyankhe." Mwaba anatsitsa mawu. "Enze ni ba Lemmy bamene banafunsa."

Karen anaseka, kuseka kouma kumene kunadzutsa Musa. Mwanayo anayamba kulira. Anamutsitsa, nakhala pampando uja, namuika kubere osasiya kumuyang'ana Lemmy.

Apa Lemmy naye anapsa mtima. Ulemu wa "ba mulamu" unatsala, koma mawu anakwera.

"Museka, ba mulamu, koma yanu ija munaisiya bwanji? Muli fayilo imozi munaipasa zina ati vonse. Vonse! Mizele masauzande. Ukagwila apa, kwafa uko. Ba Chisenga benze kunitumila foni daily ati maoda yabwela yabili yabili, kasitoma akatinika kabili kalipentala apanga mabedi yabili. Bena banapanga wadilopu yabili, inangu ikali pa msewu mpaka lelo. Ninasakila pamene pali vuto, sininapapeze. Mwaba sanapapeze. Ninabwela kwanu, amai bananipitikisa. Ninatuma foni, yozima. Ninalemba meseji, zii. Manje nenze kuchita chani? Nikhale chabe nizitukwanidwa pa khodi yamene munthu umozi eka pa chalo angabelenge?"

Zinali zoona, ndipo Karen anadziwa kuti n'zoona. Fayilo ija anailemba ali ndi mimba yaikulu, miyendo itatupa, akumadziuza kuti adzaigawa bwino akadzachira. Kudziwa kuti mnyamatayo akunena zoona sikunamuziziritse. Kunangowonjezera nkhuni.

"So wapeza nyumba ili na lumu imozi yauve, wagumula nyumba. Wachosa khodi yamene munthu umozi angabelenge, waika khodi yamene munthu umozi angabelenge. Wachinja chabe munthu."

"Muzaphunzila. Ni yapafupi."

"Na uyu pa bele? Niphunzile ku ndani? Mabuku yake yalipo?"

"Yalipo pang'ono. Bakali kulemba."

"Bakali kulemba." Karen anasamutsira mwana kubere lina. "Ninabala mwana, Lemmy. Nzelu sizinachoke pamozi na eve. Amai bako bakupitikisa pa geti, iwe unamvela bwino. Unaziba kuti nikamva nizakana. Unayenda kuli munthu wamene saziba na pamene bayashila laputopu, kuti ukambe ati ninapempha."

"Ni mwambo, ba mulamu. Munthu ali mu chikuta..."

"Chikuta chinasila kudala! Muchombo unagwa, mwana anachoka panja, tinayenda na ku sikelo. Unabwela kudya nkhuku pa siku yomupasa zina, unakhala pafupi na ine so. Unakambako?"

Panja wina ankayesa sipika ya foni, nyimbo ikuyamba n'kuduka, kuyamba n'kuduka.

Karen anamuyang'ana bwinobwino. Panali chinthu chimene sichinkagwirizana. Munthu wotopa ndi fayilo yoipa amasankha chinthu chodziwika, choti anzake amuthandize. Sathamangira chimene sichidziwika ndi aliyense.

"Nifunseko. Mafulemuweki yakulu yalipo, yamene na Mwaba aziba. Ngati wenze kufuna kugumula, chifukwa chani iyi?"

"Ili na spidi."

"Mwaba, chifukwa chani iyi?"

"Ba Karen, ine..."

"Mwaba."

"Ba Lemmy, bauzeni mweka," mtsikanayo anatero, misozi ili pafupi. "Ine nalema."

Lemmy anakhala pabedi. Analankhula akuyang'ana pansi, koma mawu ake sanali a munthu wopepesa. Mnyamata amene anapanga Pelto anali atatsegula kampani, ndipo ankafuna anthu. Ntchito yogwirira kunyumba, malipiro a kunja. Lemmy anali atadutsa mayeso oyamba. Chotsala chinali chimodzi: aonetse apu yaikulu yomangidwa ndi Pelto, osati yoseweretsa, koma yamoyo, yokhala ndi anthu enieni akuigwiritsa ntchito. Ankafuna kuiona sabata yamawa.

"Seva yoyeselela siikwana," anamaliza. "Bafuna banthu ba zoona."

"Ehe," Karen anatero pang'onopang'ono. "So ba kalipentala bonse ba mu Kalingalinga ni mayeso yako."

"Bazapeza apu yabwino! Ndani aluza? Ba mulamu, mwayi monga uyu subwela kabili. Muziba mwamene nakhalila muno. Onani lumu iyi. Amai bakadwala ni ndani azabathandiza? Ba Ufulu na welding ya pa msewu? Nikangena kuja, banja yonse yanyamuka. Na Musa azaphunzila pa sukulu yabwino."

Lemmy anadziwa pogwira. Karen anaona kale mmene nkhaniyi idzakambidwire ku Katete: mkazi wa Ufulu, uja wa makompyuta, anatsekera mlamu wake mwayi chifukwa cha nsanje. Adzaikamba pamaliro, adzaikamba paukwati. Palibe amene adzafunse kuti fulemuweki n'chiyani. Anayang'ana chipindacho, matiresi opyapyala, mbaula pakona, malaya awiri pamsomali. Mnyamatayo sankanama za umphawi wake.

Anamuchotsa Musa kubere, namuika paphewa, namusisita kumsana.

"Chabwino. Nizakupasa pasiwedi manje manje, pamene pano."

Lemmy anadzutsa mutu.

"Koma unilonjeze pamenso pa Mwaba. Chaka chimozi ukhala na ise. Ikafa usiku ni iwe. Ba Chisenga bakatuma foni ni iwe. Uphunzise Mwaba mpaka akwanise kukonza eka, ulembe na mabuku ya vonse vamene unapanga weka. Chaka chikasila uyende kwamene ufuna."

"Nchito ija ni ya siku yonse, ba mulamu. Bafuna niyambe mwezi wamawa."

"Niziba."

"Ningazithandizako pa wikendi."

"Maoda yabili yabili yanabwela pa wikendi? Kasitoma azayembekeza Saturday kuti geti yake ipangidwe?"

"Nizayesa..."

"Sininakambe kuyesa. Chaka. Inde olo ayi."

Musa anageya paphewa la mayi ake. Lemmy anatsegula pakamwa, natseka, nayang'ana laputopu yake pamene mabedi okongola aja ankatsetserekabe okha. Karen anamupatsa nthawi yokwanira. Anamupatsa ina yowonjezera, chifukwa anali mng'ono wa mwamuna wake.

"Ndiye wayankha," anatero, naimirira. "Pa Saturday tisegula yakudala."

"Na maoda yabili yabili?" Lemmy anaimirira naye. "Muzachita manyazi pamenso pa bungwe yonse!"

"Ni manyazi yanga. Ninayapanga neka, nizayakonza neka."

"Konzani! Ine sinigwilako. Nachokamo, ba mulamu. Mwanionongela. Mwezi na mwezi nenze kugona pa laputopu iyi, imwe muli gone kunyumba, manje mwabwela na mwana kumbuyo kuzanichosela chakudya pakamwa. Nizabauza amai. Nizauza na ba Ufulu."

"Bauze. Ba Ufulu bangakuvomeleze futi."

Anaponya mwana kumbuyo, namanga nsalu. Pakhomo anatembenuka.

"Khodi yako ni yabwino, Lemmy. Ni chamene chinibaba. Ukanabwela kuniuza ati mulamu, nifuna nchito iyi, tikanapeza ka apu kena kang'ono, tikanakamanga pamozi na Pelto yako, naine nikanakusainila. Koma iwe unaona ati mukazi ali na mwana ni munthu wamene bamupita kumbali."

Sanadikire yankho. Ali panjira anamva mapazi kumbuyo. Anali Mwaba, chikwama chili pachifuwa.

"Ba Karen, nanga ine?"

"Iwe chani? Unaziba miyezi yonse iyi."

"Banakamba ati ba Ufulu bavomeleza. Ine ndine mwaiche, ningakambe chani pa nkhani ya pa banja panu?"

Karen anafuna kumukalipira, koma mphamvu zinali zitatha. Dzuwa linali pamutu, msana ukuwawa, ndipo kutsogolo kwa bulauzi kunali kutanyowa mkaka.

"Mailo kuseni ubwele na laputopu. Tizasegula fayilo ija. Iwe uzabelenga mokweza, ine niyamwisa. Tikapeza vuto ya maoda, tiyamba kuigaba pang'ono pang'ono, peji imozi imozi, mpaka naiwe uzikwanisa kuikonza ine kulibe. Ndiye chamene chenze kufunika kuchoka kudala."

"Tizakwanisa pofika Saturday?"

"Kaya."

"Nanga amai bakanipitikisa pa geti?"

"Ukankhe geti."

Foni ya Lemmy inafika kunyumba Karen asanafike. Anapeza apongozi ataimirira pakhonde, lichero la nyemba lili pansi, nkhuku ya aneba ikudyamo popanda woiingitsa. Chitenje anali atachimanga m'chiuno mwamphamvu.

"Amake Musa, n'zoona zimene ndamvazi? Mwana wapeza ntchito ya kunja, inu mwamutsekera?"

"Ntchito sindinamutsekere, amayi. Ndakana kumupatsa yanga."

"Yanu iti? Si za pabanja pomwe pano? Mkulu wake anavomera! Kodi m'nyumba muno mwamuna ndani? Ine ndinasiya munda wanga osakolola kudzakusamalirani, ndinakubisirani foni kuti mupume, lero malipiro ake ndi amenewa? Kamawu kamodzi kokha, kapasiwedi, mukumumana mwana wa mnzanu? Mawa ndikwera basi. Ndikawauze kumudzi zimene ndaona kuno."

Karen akanayankha akanalankhula zoti sizibwezeka. Anaingitsa nkhuku ndi phazi, nakokera beseni pamthunzi wa mpanda poti dzuwa linali litasuntha. Thovu linali litatha, madzi atachita imvi. Anathiramo sopo wina.

"Ndikulankhula nanu, amake Musa!"

"Ndikumva, amayi."

Foni inanjenjemera m'chitenje. Anaisuzumira ndi dzanja lonyowa: a Chisenga, kufunsa ngati zonse zili bwino za Loweruka. Anaibwezera momwemo. Musa anayamba kudzinyongola kumbuyo, ndipo kutentha kumene Karen anakumva pamsana kunamuuza kuti thewera lina likubwera kudzalowa pamzere. Anawerama, natola lija anagwetsa m'mawa, nayamba kulifikisa. Apongozi anali akulankhulabe. Ndowa inali isanafike ndi pakati pomwe.